Makapisozi a pagolosale akutichedwetsa kuthamangira kuchipatala ndi ana odwala chibayo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za chifuwa ndi chibayo, popeza nyengo yachisanu yafika ndipo kuno ku Dedza, makamaka kwathu ku Bembeke kumene nkhungu imatha kukuta mpaka dzuwa litakwera, m'miyezi ya June ndi July palibe nyumba imene simumveka munthu akutsokomola usiku. Chimene chandipangitsa kulemba ndi chizolowezi chimene chatilowerera tonse, chothamangira kugolosale kukagula makapisozi awiri kapena atatu munthu akangoyamba kutsokomola.

Chaka chatha mdzukulu wanga wa miyezi 10 adayamba chimfine, kenaka chifuwa ndi kutentha thupi. Amayi ake adagula makapisozi awiri, n'kumatsegula ndi kuthira ufa wake m'phala la mwanayo. Ine ndidaona koma sindidaletse, chifukwa nanenso ndidalera ana anga mwanjira yomweyo. Tidakhala masiku atatu tikuyembekezera kuti mankhwalawo agwire ntchito, ndipo usiku wa tsiku lachinayi mwana adakana bere, akupuma mothamanga, pansi pa nthiti pakulowa mkati nthawi iliyonse akakoka mpweya. Tidapeza njinga yamoto ya kabaza m'bandakucha, ndipo kuchipatala adamugoneka ndi kumuika pa mpweya wa okosijeni. Mwanayo adachira, koma masiku atatu aja amandiwawabe mumtima, chifukwa makapisoziwo ndi amene adatipatsa chikhulupiriro chabodza chakuti mwana ali pa mankhwala.

Ambiri timanena kuti chibayo chimabwera ndi mphepo yozizira, ndipo n'zomveka kuti timaganiza choncho poona nyengo imene matendawa amachuluka. Komatu chimene chimayambitsa matenda a m'njira ya mpweya ndi tizilombo, timene timachoka kwa munthu wina kupita kwa wina potsokomola, poyetsemula ndiponso kudzera m'manja osasamba. Chimfine, zilonda zapakhosi zambiri ndi chifuwa wamba zimayamba ndi mavairasi, ndipo mavairasi samva mankhwala monga amoxicillin kapena Bactrim, amene ntchito yake ndi kupha mabakiteriya. Chimfine chotere chimatha chokha pakapita sabata imodzi kapena masiku 10, ngakhale kutsokomola kumatha kupitirira pang'ono. Chimene wodwala amafuna ndi kupuma, kumwa zamadzi zambiri, Panado ngati thupi latentha, ndiponso kwa akuluakulu ndi ana opitirira chaka chimodzi, madzi ofunda a mandimu ndi uchi. Mwana wosakwana chaka asapatsidwe uchi. Chibayo ndi nkhani ina, chifukwa pamenepo tizilombo talowa m'mapapo enieniwo, timatumba ta mpweya tadzaza madzi ndi mafinya, ndipo thupi likuperewera mpweya.

Chisanu chili ndi mbali yake, koma mbali yaikulu ndi zimene ife timachita pothawa chisanucho. Timatseka mazenera, timatsekera nsanza m'mipata ya chitseko, timasonkha moto wa nkhuni zaziwisi kapena zitsononkho m'khitchini yopanda potulukira utsi, ndipo mayi amaphika mwana ali kumbuyo, onse awiri akupuma utsi womwewo m'mawa ndi madzulo. Utsiwo umafooketsa mapapo ndi kutsegulira tizilombo njira. Ena amagona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka, zimene zimatha kupha banja lonse usiku umodzi chifukwa cha mpweya woipa wosanunkha umene makala amatulutsa. Utsi wa fodya wa abambo m'nyumba, kunyentchera kwa ana, ukalamba ndi kachilombo ka HIV zimawonjezera chiopsezo.

Ndikufuna kholo lililonse lidziwe chinthu chimodzi chimene ine ndidachidziwa mochedwa, chimene sichifuna ndalama koma wotchi ya pafoni basi. Mwana akakhala phee, osati akulira, muvuleni malaya ndi kuwerenga kuti akupuma kangati pa mphindi imodzi yathunthu. Malinga ndi malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, amene azaumoyo athu amatsata, khanda losakwana miyezi iwiri likupuma mothamanga ngati lafika ka 60, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 ngati wafika ka 50, ndipo wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 ngati wafika ka 40. Mwana wotere apite kwa azaumoyo tsiku lomwelo. Ngati pansi pa nthiti pakulowa mkati, ngati akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, akukomoka kapena wafooka mosadzutsika, musadikire kuti kuche, ndipo musayambe mwapita kokatema mphini m'nthiti, chifukwa mphini sizifika kumene kuli matendawo.

Chibayo chimachiritsika ndithu chikapezeka msanga, ndipo mankhwala ake nthawi zambiri ndi amoxicillin yemweyo, koma pa mlingo woyenera msinkhu ndi kulemera kwa mwana, kwa masiku onse amene azaumoyo anena. Makapisozi awiri sachiza chibayo. Amangozoloweretsa mabakiteriya mankhwalawo, kotero kuti tsiku limene tidzawafune zenizeni adzakhala osagwira ntchito. Zimandimvetsa chisoni kwambiri ndikaona anthu akugawana Bactrim amene abale athu omwe ali pa ma ARV amalandira kuti aziwateteza ku matenda, chifukwa pamenepo tavulaza anthu awiri, wopatsidwayo ndi woperekayo.

Kwa akuluakulu ndionjezere mwachidule kuti chifuwa chopitirira masabata awiri, makamaka chikamabwera ndi kutuluka thukuta usiku, kuonda kapena magazi m'makhololo, chifunika kukayezetsa makhololo, chifukwa chikhoza kukhala chifuwa chachikulu cha TB. Kuyezetsa ndi mankhwala omwe ndi zaulere m'zipatala za boma, ndipo mankhwalawo amamwedwa kwa miyezi 6 osadumphitsa.

Pa kapewedwe, dziko lathu lidachitapo kale chinthu chachikulu pamene lidayamba kupereka katemera wa chibayo kwa ana m'chaka cha 2011. Mwana amalandira katemerayu kusikelo akakwana masabata 6, 10 ndi 14, choncho mayi amene wasiya kupita kusikelo chifukwa chotanganidwa kudimba la mbatatesi wamumana mwana wake chitetezo chimene chilipo kale mwaulere. Kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6 yoyamba, kusamba m'manja ndi sopo, kuboola zenera m'khitchini ndi kugwiritsa ntchito chitetezo mbaula imene imadya nkhuni zochepa ndi kuchepetsako utsi, zonsezi tingazikwanitse m'midzi mwathu momwemuno.

Pempho langa likupita kwa bungwe loona za mankhwala la PMRA pamodzi ndi khonsolo ya boma lathu kuti ayendere magolosale ndi misika monga ya Bembeke, Lobi ndi Linthipe, popeza mankhwala opha mabakiteriya sayenera kugulitsidwa pamodzi ndi sopo ndi machesi. Koma ndikudziwanso kuti anthu amagula pagolosale chifukwa chipatala chili kutali, ndiye ndikupempha Unduna wa Zaumoyo kuonetsetsa kuti alangizi a zaumoyo amene amayendetsa zipatala za m'midzi asamasowe amoxicillin wa ana m'miyezi ino. Alangizi omwewo, pa tsiku la sikelo, apatule mphindi zochepa kuonetsa amayi pa mwana weniweni mmene amawerengera kapumidwe, ndipo mafumu athu aitanirenso abambo ku maphunziro amenewa, chifukwa nthawi zambiri ndi iwo amene amasunga ndalama ya kabaza.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Bembeke, Dedza