Chilengezo: Bweretsani ma regulator Loweruka lino

Abale ndi alongo a gulu lathu losambira pansi pa madzi kuno ku Mulanje,

Tisananyamuke ulendo wa ku Cape Maclear, aliyense abwere ndi regulator yake (chipangizo chopumira mpweya wa mu silinda tikakhala pansi pa madzi) Loweruka lino, 9 koloko m'mawa, pamalo athu a masiku onse pa Chitakale. Tidzalumikiza iliyonse ku silinda n'kutchera khutu ngati mpweya ukuthawa penapake.

Chinyontho cha kuno, makamaka nthawi ya chiperoni, chimawononga zipangizo mwakachetechete. Sabata yatha ndinatsegula chikwama cha mnzathu wina, ndinapeza mouthpiece (mbali yomwe timaluma m'kamwa popuma) yachita nkhungu, payipi yayamba ming'alu pafupi ndi first stage (gawo lomwe limalumikizidwa ku silinda). Mtima unandiwawa, poti ukakhala mamita 18 pansi pa nyanja, mpweya wako wonse umadzera m'menemo.

Chonde, musanatsuke regulator, yambani mwatseka dust cap (chivundikiro cha pa first stage), youma bwino. Musadine purge button (batani lotulutsa mpweya wochotsera madzi pa mouthpiece) regulator ili m'madzi isanalumikizidwe ku silinda, chifukwa madzi amalowa mpaka mkati n'kuwononga. Yanikani pamthunzi, osati padzuwa.

Amene mukufuna kugula regulator yatsopano, funsani kaye ngati masilinda a komwe tikupita ndi a DIN kapena yoke (mitundu iwiri ya polumikizira regulator ku silinda), komanso ngati masipeyala a regulator imeneyo amapezeka. Yomwe yatha chaka osaonedwa ndi katswiri, ulendo uno isalowe m'madzi.