Mwana wanga, usadikire kuti upeze mpata

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi adzukulu angawo. Ife kuno tadzuka bwino, ndipo bambo ako akuti moni.

Mawu amene unandiuza pa foni aja sanandichoke mumtima. Unati masiku ano sukupemphera, ukati ugwade usiku tulo timakugwira usanafike pa Amen, ndipo Baibulo lako suli kulitsegulanso. Unkalankhula motsitsa mawu, mwamanyazi. Sindinathe kukuyankha bwino chifukwa mwana ankalira pambali pako, choncho ndati ndikulembere kuti uwerenge pamene wakhala pansi.

Manyaziwo achotse kaye. Ndikudziwa mmene tsiku lako limayendera: kudzuka kusanache, kukonzekeretsa ana, kuthamangira ku ntchito, kubwerako dzuwa litalowa n'kupeza ntchito ina ikukudikira pakhomo. Munthu wotere akagona pakati pa pemphero sanataye chikhulupiriro, watopa basi. Koma ndikudziwanso chimene ukudikira. Ukuti ana akakula, ntchito ikachepa, udzapeza ola lathunthu lachete loti uzikhala ndi Mulungu wako. Ola limenelo silibwera lokha, mwana wanga. Ana akakula pamabwera zina, matenda a achibale, makolo okalamba, adzukulu. Ukadikira mpata udzafika msinkhu wangawu ukudikirabe.

Chimene ndikufuna kukuuza ndi ichi: pemphero ulimangirire pa zinthu zimene umachita kale tsiku ndi tsiku. Kudzuka suiwala. Kusamba m'manja, kutseka chitseko, kuvula nsapato, kugoneka ana, zonsezi umachita popanda wokukumbutsa. Ukaika mawu ochepa a pemphero pa chimodzi mwa zimenezi, chinthucho ndicho chizikukumbutsa. Mutu wotopa umavutika kusankha kuti ndipemphere liti, ndinene chiyani, ndiwerenge pati. Ukasankhiratu kamodzi, mtolo umenewo wautula.

Taganizira za Danieli. Anthu amakumbukira mikango, koma ine ndimaganizira ntchito yake. Anali mmodzi wa akuluakulu 3 oyang'anira akalonga 120 mu ufumu wa Dariyo, ndiye usaganize kuti anali munthu wongokhala. Komabe katatu pa tsiku ankagwada pa zenera la chipinda chake. Lamulo loletsa kupemphera litatuluka, chaputala 6 chimati anapita kukapemphera monga ankachitira kale. Sanayambe tsiku la mavutolo. Chizolowezi chinalipo kale, ndipo ndicho chinamugwira pamene zinthu zinavuta.

Yamba ndi m'mawa, ndipo pano ndikupempha chinthu chimodzi cholimba: foni isakhale yoyamba kulankhula nawe. Ukangotsegula maso n'kuigwira, mauthenga a ku ntchito, madandaulo a abale ndi nkhani zoipa za dziko zimalowa mumtima usanaponde n'komwe pansi, ndipo tsiku lonse umangoyankha za anthu ena. Usagone nayo pansi pa pilo. Ukadzuka khala m'mphepete mwa bedi, mapazi pansi, upume mpweya wautali katatu, kenako unene Atate Athu pang'onopang'ono, osathamanga monga tinkachitira tili ana. Mphindi imodzi siyikwana n'komwe. Tsiku lina mawu akuti mutikhululukire adzakuimitsa, tsiku lina akhala a chakudya chathu chalero, malinga ndi chimene chakulemera. Pamene waima pomwepo ndi pamene pali pemphero lako la tsikulo.

Za kuwerenga, usadziikire mlingo wa abusa. Salimo 117 lili ndi mavesi 2 okha, koma ndi salimo lathunthu. Buku la Miyambo lili ndi machaputala 31, ndiye ena amawerenga chaputala chogwirizana ndi deti la tsikulo, ndipo sasokonezeka kuti analekezera pati. Ine ndimakonda njira yochepa kuposa pamenepo. Sankha vesi limodzi Lamlungu, ulilembe pa kapepala, ulimate pa galasi pamene umapesera tsitsi, ukhale nalo mlungu wonse. Pofika Lachisanu udzakhala utaliloweza osadziwa, ndipo lidzakubwerera lokha pa nthawi imene sukuliyembekezera, uli pa mzere kapena uli pa ulendo wa ku ntchito.

Usapeputse mapemphero aafupi. Nehemiya ataimirira pamaso pa mfumu, mfumuyo n'kumufunsa chimene akufuna, anapemphera kwa Mulungu wakumwamba kenako n'kuyankha, pakati pa funso ndi yankho pomwepo. Sanagwade, sanatseke chitseko. Petro akumira m'nyanja ananena mawu awiri okha, Ambuye ndipulumutseni. Hana m'Kachisi milomo yokha ndiyo inkagwedezeka, mawu osamveka, mpaka wansembe Eli anamuyesa woledzera. Ndipo pa Mateyu 6:7 Ambuye anachenjeza okha kuti tisaganize kuti tidzamvedwa chifukwa cha kuchuluka kwa mawu. Ndiye dzanja lako likagwira chitseko cha abwana ako mtima ukugunda, nena chamumtima kuti Ambuye ndipatseni mawu. Wina akakutumizira uthenga wokupweteka, chala chili kale pa foni kuti umubwezere, ika foniyo chafufumimba pa tebulo, unene kuti Ambuye gwirani lilime langa, uyankhe pakapita nthawi. Maubale ambiri apulumuka chifukwa cha mphindi imeneyo.

Tsopano nkhani ya Marita ndi Mariya, pa Luka 10, chifukwa ndikudziwa kuti imakupweteka. Amayi ambiri akamva ikulalikidwa amatuluka m'tchalitchi mitu ili pansi, akuganiza kuti Yesu anadzudzula mkazi chifukwa chogwira ntchito, pamene olalikirawo akafika kunyumba ayembekezera kupeza zonse zitakonzedwa. Uiwerengenso bwino. Sanamuuze Marita kuti kulandira alendo ndi tchimo. Anamutchula dzina kawiri, n'kumuuza kuti akuda nkhawa ndi kuvutika ndi zinthu zambiri. Chimene anaona ndi mtima wobalalika, umene unafika podandaula kuti palibe amene akumusamala. Yohane 11 amanena poyera kuti Yesu ankamukonda Marita, ndipo ndi Marita yemweyo amene anathamanga kukamuchingamira mlongo wake Lazaro atamwalira, n'kuvomereza kuti Iye ndi Khristu, Mwana wa Mulungu. Mkazi wotanganidwa uja anali ndi chikhulupiriro chozama. Ntchito siidzakuchokera m'manja, koma mtima ungathe kukhala pansi pamene manja akugwira ntchito.

Kunali m'bale wina wa chipani cha Chikatolika chotchedwa Akarimeli mumzinda wa Paris, wodziwika ndi dzina loti Brother Lawrence, amene anamwalira mu 1691. Sanali wansembe kapena wophunzira kwambiri. Anaikidwa ku khitchini kwa zaka zambiri, ntchito imene mwachibadwa sankaikonda, ndipo pambuyo pake ankasoka nsapato za anzake. Anadziphunzitsa kulankhula ndi Mulungu pomwepo pakati pa miphika ndi phokoso, asanayambe ntchito, ali pakati, ndiponso akamaliza, mpaka anthu ophunzira ankabwera kudzamufunsa nzeru. Ndimamukumbukira chifukwa sanapemphe kuti amuchotse ku khitchiniko kuti akapemphere bwino.

Iwenso yesa ndi zovala. Ukamazipinda madzulo, chovala chilichonse chili ndi mwini wake. Ukagwira shati ya sukulu ya wamkuluyo, ija yothothoka batani ndiponso yoda m'kolala, mutchule dzina, upemphe kuti apeze anzake abwino. Ukagwira timasokosi ta wamng'onoyo, tija timene timasowa limodzi nthawi zonse, upempherere thupi lake. Ukafika pa malaya a amuna ako apempherere iwonso, makamaka tsiku limene mwasemphana mawu, chifukwa n'kovuta kusunga mkwiyo wonse kwa munthu amene wangomutchula kwa Mulungu. Ndipo diresi lako usalidumphe. Amayi timapempherera aliyense n'kudziiwala tokha. Pomaliza dengu lija udzakhala utapempherera nyumba yonse osawonjezera mphindi pa tsiku lako.

Pobwera ku ntchito, usanatsegule chitseko, ima kaye pang'ono. Upume, unene kuti za uko ndazisiya m'manja mwanu. Ana sanalakwe kuti alandire mkwiyo umene wina anakupatsa masana.

Pogoneka ana, ika dzanja pamutu pa aliyense umudalitse. Mawu alipo kale pa Numeri 6:24 mpaka 26, aja oyamba ndi kuti Yehova akudalitse ndi kukusunga. Poyamba aziseka ndi kugwedeza mutu, koma udzaona tsiku limene waiwala akukuitana kuti amayi simunatidalitse. Susanna Wesley wa ku England, mayi wa John Wesley ndi Charles Wesley amene anayambitsa chitsitsimutso cha Methodist, anabereka ana 19, ndipo 9 anamwalira ali makanda. Pakati pa chisoni ndi umphawi ankapatula madzulo a tsiku limodzi pa mlungu kuti acheze ndi mwana aliyense payekha za moyo wake wauzimu. Tsiku la John linali Lachinayi. Iwe ana ako ndi ochepa, ungathe kupatsa aliyense mphindi zochepa zoti akuuze zimene zili mumtima mwake popanda mnzake womudula mawu.

Pemphero la usiku ndilo lakugonjetsa, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu: umalisiyira nthawi imene thupi latha kale. Lisunthe. Lichite ana akangogona, usanayambe ntchito zomaliza, utakhala pa mpando osati pa bedi. Ignatius wa ku Loyola, wansembe wa Chikatolika amene anamwalira mu 1556, anaphunzitsa anthu ake kubwereza tsiku lawo pamaso pa Mulungu, kuyamba ndi kuthokoza, kenako kuyenda m'maganizo kuchokera m'mawa mpaka nthawi imeneyo, kupempha chikhululukiro pamene analakwa, n'kupempha thandizo la mawa. Ine ndimazifupikitsa kukhala mafunso atatu. Lero ndalandira chiyani? Ndapweteka ndani? Mawa ndikuopa chiyani? Pa funso loyambalo usanene kuti zikomo pa zonse, tchula chinthu chenicheni, monga mnzako amene anakugwirira ntchito pamene unachedwa, kapena malungo a mwana amene anatsika. Mtima umaphunzira kuona zabwino ukamazitchula mayina. Pa lachiwiri, ngati amene wamupwetekayo ali m'nyumba momwemo, dzuka ukamupepese usiku womwewo, paja Aefeso 4:26 amati dzuwa lisalowe tili chikwiyire. Ukakhala ndi kabuku koti uzilembamo mzere umodzi ndi bwino, chifukwa miyezi ikapita udzawerenga zinthu zimene zinkakusowetsa tulo n'kuona mmene zinathera.

Ukagonabe uli pakati pa pemphero, gona. Salimo 127 limati Iye amapatsa okondedwa ake tulo. Eliya atathawira m'chipululu, atatopa mpaka kupempha kuti afe, Mulungu sanayambe ndi kumudzudzula. Mngelo anamudzutsa kuti adye ndi kumwa, iye n'kugonanso, mngelo n'kubweranso kachiwiri. Mawu anabwera pambuyo pake, thupi litapeza mphamvu. Kupuma kwako Mulungu amakufuna, ndipo ndikupempha kuti pa mlungu upatule ngakhale theka la tsiku losachapa, losasita, losayankha za ku ntchito. Auze amuna ako momasuka kuti atenge ana kwa kanthawi. Ana ndi a nonse, ndipo sindikukayika kuti akamva chifukwa chake adzakuthandiza.

Pali zinthu ziwiri zoti usamale nazo. Zimene ndalembazi si zithumwa. Tsiku limene waiwala kupemphera m'mawa kenako galimoto n'kuwonongeka kapena mwana n'kudwala, usadzati ndi chilango. Mulungu sakhala ndi kaundula wowerengera masiku amene unaphonya. Ukadumpha tsiku kapena mlungu, yambiranso pamene uli, osayesa kubweza ngongole. Chinanso, ngati mtima ukhala wolemera milungu ingapo, tulo osabwera, chakudya osachifuna, zimene unkakonda osakusangalatsanso, usangoti ndi kufooka kwauzimu. Uza munthu amene umamukhulupirira ndipo upite kuchipatala. Kupemphera ndi kuonana ndi dokotala sizitsutsana, ndipo ine ndidzakuperekeza ukafuna.

Ndalemba zambiri, koma usatenge zonse. Ukayesa zonse mawa, pofika Lachitatu udzakhala utazisiya, manyazi aja n'kubwereranso. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Sankha ziwiri zokha, chimodzi cha m'mawa ndi chimodzi cha madzulo, ukhale nazo mwezi wathunthu usanawonjezere china. Ukanandifunsa ine, ndikanati uyambe ndi kusiya foni m'mawa ndi kudalitsa ana usiku. Upezenso mnzako mmodzi wa ku tchalitchi kapena ku ntchito woti muzitumizirana vesi la mlunguwo, chifukwa chinthu chochita awiri sichifa msanga.

Ine ndimakupempherera masana aliwonse nthawi ikakwana 12 koloko, ndipo ukaona wotchi yafika pamenepo ungathe kunena nane mawu amodzi kuchokera kumene uliko. Ndidzakuimbira Lamlungu madzulo kuti undiuze ziwiri zimene wasankha. Upereke moni kwa amuna ako, ndipo adzukulu angawo uwauze kuti agogo awasowa kwambiri.

Ndine mayi ako wokukonda.