Apaulendo, foni payokha siyokwanira kumvera machenjezo a zanyengo

Akonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi anzathu amene moyo wawo ndi wa pamsewu ndi pamadzi: madalaivala a mathiraki ndi a minibasi, akabaza, amayi a geni oyendera misika yakutali, komanso asodzi. A nthambi yoona zanyengo amachenjeza ndithu mvula yamphamvu kapena namondwe akamabwera, koma chenjezo limapulumutsa yekhayo amene lamupeza. Ambiri masiku ano amati ali ndi foni, basi zakwana. Ife okonza mawailesi ndi mafoni tikuti ayi, foni imakuthawani tsiku lomwe mukuifunitsitsa.

Nsanja ya netiweki imafikira dera laling'ono ndipo imadalira magetsi. Akathima imatsalira pa mabatire ndi jenereta, ndipo mlatho ukakokoloka palibe wopititsa dizilo kumeneko. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira ndi kudula msewu wa M1 ku Chikwawa. Mu Malichi 2023 Freddy anasiya madera ambiri mumdima pomwe matope ankatsika m'phiri la Soche. Foni nayo ikasowa netiweki imalimbikira kusakasaka, batire n'kutha msanga kuposa masiku onse. Wailesi ya FM ilibe zimenezo. Makina amodzi oulutsira mawu ali pamwamba pa phiri amafikira maboma angapo, ndipo siteshoni ina ikaduka mumangopotokola n'kupeza inzake.

Tiyambire pa wailesi ya m'galimoto, poti apa mpamene pali msampha umene ambiri saudziwa. Siteshoni za kuno zili pakati pa 87.5 ndi 108 pa FM. Koma galimoto zambiri za m'misewu yathu n'zochokera ku Japan, kumene FM imayambira pa 76 n'kulekezera pa 90, ngakhale zina za zaka zaposachedwa zimafika pa 95. Ndiye kuti wailesi yobwera ndi galimoto imangogwira kachigawo kochepa ka siteshoni zathu. Dalaivala amazolowera imodzi imene ikumveka mumzinda. Akayenda mtunda imazimiririka, ndipo nambala ya siteshoni yomweyo m'dera latsopanolo ili kumtunda kumene wailesi yake siifika. Yesani lero lomwe: dinani batani losakira mpaka manambala abwerere poyambira. Akabwerera atangofika pa 90 kapena 95, vutoli muli nalo.

Njira yotsika mtengo ndi kachipangizo kotchedwa expander, kaching'ono ngati bokosi la machesi. Kamalowa pakati pa chingwe cha eriyo ndi wailesi, ndipo kali ndi waya umodzi wa moto. Ntchito yake n'kutsitsa manambala. Ka 10 kamachititsa siteshoni ya pa 95.1 kuoneka pa 85.1, pomwe ka 18 kamatsitsa ya pa 104 kufika pa 86. Funsani kaye kuti kamatsitsa ndi zingati, chifukwa ka 10 kamathera pa 100, za pamwamba pake simuzipeza. Amakaniko ena amalumikiza waya wa moto uja pamene magetsi sachoka ngakhale kiyi atazulidwa, ndiye kachipangizoka kamamwa batire pang'onopang'ono galimoto ikaima masiku. Malo ake ndi pa waya umene umalandira moto kiyi akafika pa ACC, pamene wailesi imayaka injini isanalire. Dziwaninso kuti kamafoolako mawu, ndipo nthawi zina siteshoni ziwiri zimagwera pa nambala imodzi n'kumalankhula pamodzi ngati pamaliro opanda mfumu. Mumzinda simungazindikire. Mudzamva kusiyana pa Chiweta kapena potsika Thabwa, pamene mapiri atchinga.

Chabwino koposa n'kusintha wailesi yonse. Potero onetsetsani kuti wokuikirani walumikiza waya wa buluu. Galimoto zambiri zimene eriyo yake ili m'galasi zili ndi kokuzira mphamvu kofuna moto, ndipo waya umenewu ukaiwalika, wailesi yatsopano ija imangoti shii mukangotuluka m'tauni, inu n'kumati munagula yonyenga.

Msampha wachiwiri ndi mawailesi olembedwa Weather Band, WB kapena NOAA, amene amapezeka pa intaneti ndi m'katundu wa kaunjika. Ogulitsa amati amalira okha namondwe akayandikira. Ku America n'zoona. Boma lawo lili ndi makina oulutsa zanyengo zokhazokha usana ndi usiku, pa manambala asanu ndi awiri a pakati pa 162.400 ndi 162.550, ndipo wailesi imadzuka ikalandira chizindikiro chapadera chochokera ku makinawo. Kuno makina otero kulibe. Wailesiyo payokha siyeza mphepo kapena kununkhiza mvula, choncho batani limenelo lidzakhala chete mpaka chidacho chidzachite dzimbiri. Musawonjezere ndalama chifukwa cha zilembo zimenezo. Zina zopangidwira ku America zimalumphanso manambala, 88.1, 88.3, 88.5, moti pa 97.0 siziimapo. Ngati ili ndi posankhira dera, ikani la Europe kapena Africa.

Choyenera kugula n'chosakometsera konse: kawailesi ka m'thumba kolowa mabatire awiri a AA, ka FM yoyambira 87.5 mpaka 108, kokhala ndi eriyo yosolola ndi pobayira mahedifoni. Kutalika koyenera eriyo ya FM ndi pafupifupi masentimita 75, ndiye ikayandikira pamenepo mpabwino. Tija totalika ngati chala n'tongokongoletsa. Poyesa m'shopu musatengeke ndi kukuwa kwake. Sakani siteshoni yakutali, yofooka, mumve ngati mawu a muulutsi akumveka. Kenaka onani ngati siteshoni yamphamvu ya mumzindamo siikusefukira pa zinzake zoyandikana nayo. Mawailesi otchipa okhala ndi Bluetooth, memori khadi ndi timagetsi tophethira amaimba bwino nyimbo pa ukwati, koma ambiri mbali ya FM ndi ogontha.

Pa mabatire tichedwepo pang'ono, chifukwa mawailesi ambiri amene amabwera atafa amaphedwa ndi mabatire. Kawailesi kotere kamadya pakati pa 30 ndi 50 mA (muyeso wa moto umene chida chimakoka) mawu akakhala apakatikati. Batire la AA lolembedwa alkaline limasunga pafupifupi 2,000 mAh (muyeso wa moto wosungidwa m'batire) kapena kupitirirapo, ndiye awiri aja akupatsani maola 40 kapena kuposa. Mukamamvera pa mahedifoni amakhalitsa kwambiri, poti chimene chimadya moto ndi sipika. Opepuka otchipa aja, a zinc-carbon, safika ngakhale theka lake, ndipo akatha amadontha madzi amene amadya tizitsulo ta m'kati. Nyamulani anayi apadera, muwamange m'jumbo paokha, kutali ndi makiyi ndi makobidi zimene zingalumikize mitu yake. Latsopano ndi lakale musasakanize, chifukwa lakalelo limakakamizidwa ndi mnzake mpaka kuphulika m'mbali. Wailesi ikakhala mwezi osagwira ntchito, chotsanimo mabatire. Mukapeza ufa woyera pa tizitsulo, pukutani ndi kansalu konyowetsa ndi madzi a mandimu kapena viniga, muumitse bwino musanaikemo ena.

Za sola ndi zopukusa ndi dzanja zilibe vuto bola mudziwe malire ake. Kasola ka pamsana pa wailesi n'kochepa ngati zala ziwiri. Kuti kadzaze batire lopanda kanthu pamafunika masiku ambiri a dzuwa, chonsecho nthawi ya namondwe dzuwa limabisala masiku otsatizana. Chopukusira chimapereka mphindi zowerengeka za mawu pa mphindi imodzi yopukusa, ndipo mano ake ndi a pulasitiki, mukapukusa mwaukali amagweluka. Tchajani pa magetsi musananyamuke, sola ndi chopukusira zikhale zongowonjezera. Musaisiyenso pa dashibodi ya galimoto yotseka mawindo poganiza kuti ikudya dzuwa, kutentha kumeneko kumapha batire la lithium. Zambiri zimalowa batire lotchedwa 18650. Lenileni silipitirira kwenikweni 3,500 mAh ndipo limalemera pafupifupi magalamu 45. Lolembedwa 9,800 mAh koma lopepuka ngati chitsononkho, lisiyeni pomwepo.

Sitikunena kuti foni itayidwe. Netiweki ikakhalapo, tsamba la a zanyengo pa Facebook ndi mauthenga awo oyenda pa WhatsApp amakuuzani maboma amene ali pachiopsezo. Koma uthenga wotumizirana yang'anani tsiku lake, poti machenjezo a chaka chatha amadzukanso m'magulu mvula ikangoyamba. Netiweki ikafooka, SMS imadutsa pamene data yakanika. Makadi awiri a makampani osiyana amathandiza, poti netiweki ina ikaduka ina ikhoza kutsala. Mafoni ambiri a mabatani ndi ena a Android ali ndi FM m'kati yosafuna data, pomwe iPhone ilibe. Ochuluka a iwo amafuna mahedifoni a chingwe, chifukwa chingwecho ndiye eriyo. A Bluetooth sathandiza, ndipo chingwe chokulunga m'thumba sichigwira, chitambasuleni. Mukafika kopanda netiweki ikani foni pa kandege kuti ileke kusakasaka, n'kumaitsegula pakapita ola. Pawabanki yolembedwa 10,000 mAh imatulutsa pafupifupi 6,000 yokha, poti ina imatayika posintha mphamvu, ndiye foni ya batire la 5,000 mAh idzadza kamodzi n'kutsala pang'ono. Wailesi ikayamba phokoso mutangobaya tchaja ya m'galimoto, wolakwa ndi tchajayo. Izuleni nthawi ya nkhani.

Kwa a panyanja mdani wamkulu ndi mwera, umene umalimba miyezi yozizira kuyambira cha mu Meyi, komanso mpoto ndi mphepo zadzidzidzi za nthawi ya mvula. Pamadzi FM imagwira bwino poti palibe chotchinga, chovuta ndi chinyontho. Wailesi ikhale m'chigubu cha kukamwa kwakukulu chotseka mopotokola, chomangirira ku bwato ndi chingwe. Jumbo yokha imabooka. Poimvera italikitseni ndi injini ndi nyali za LED zokopera usipa, zonsezi zimabweretsa phokoso. Ikagwera m'madzi musaiyatse kuti muone ngati ili moyo. Chotsani mabatire msanga, tsegulani chotsekera, iume masiku awiri pamthunzi podutsa mphepo. Nthawi yomvera ndi musanakankhe bwato, chifukwa chenjezo lokupezani pakati pa nyanja usiku langotsala kukuuzani zimene mukuziona kale. Eni mabwato akuluakulu angaganizire wailesi yolankhulirana ya VHF, imene tchanelo chake choitanira thandizo ndi 16, pa 156.8. Imeneyi imafuna chilolezo cha MACRA, ndipo imathandiza pokhapokha pali wina kumtunda kapena m'bwato lina amene akumvetsera.

Odutsa malire akumbukire kuti anamondwe amatifika kudzera ku Mozambique, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Idai anagwera pa Beira mu Malichi 2019 n'kudula msewu wochokera kudokoko. Wopita ku Beira kapena ku Nacala asadikire siteshoni za kumudzi, zimatha mukangolowa m'kati pang'ono. Rádio Moçambique ya m'chigawo cha Tete imaulutsanso m'Chinyanja, chimodzimodzi ZNBC Radio 1 ku Zambia. Mawu awiri a Chipwitikizi awa agwireni: ciclone ndi namondwe, cheias ndi madzi osefukira. Wailesi yokhala ndi MW kapena SW, mafunde ena osiyana ndi FM, imagwira siteshoni zakutali makamaka usiku, koma za mlatho wa kutsogolo kwanu mudzazimva pa FM ya m'deralo, makamaka mawailesi a m'madera amene anthu amaimbako foni kunena zimene akuona.

Kwa inu Akonzi, pempho lathu n'lakuti nyengo ya mvula ikamayamba muzisindikiza manambala a siteshoni zikuluzikulu monga MBC ndi Zodiak boma ndi boma, kuti dalaivala adule pepalalo n'kumata pa chotchingira dzuwa. Siteshoni imodzi imasintha nambala kangapo kuchoka ku Nsanje kukafika ku Karonga, ndipo kusakasaka uku ukuyendetsa mumvula ndi ngozi payokha. Kwa aulutsi, chenjezo lizibwera pa nthawi yodziwika tsiku ndi tsiku, ndipo lizitchula mitsinje ndi misewu. Kunena kuti kugwa mvula yamphamvu m'madera a m'mphepete mwa nyanja sikumuuza kanthu munthu amene ali pa Salima akuganiza zolowa M5. Muuzeni za Dwangwa, za Bua, za Linthipe.

Mukaima pamtsinje wosefukira kudikira kuti madzi aphwe, wailesi ya m'galimoto musaisiye ikulira usiku wonse injini ili yozima. Imadya ampu imodzi kapena ziwiri (ampu imodzi ndi 1,000 mA), ndipo batire la galimoto yaing'ono ndi la 35 mpaka 45 Ah lokha (Ah imodzi ndi 1,000 mAh). Likakhala lokalamba, m'mawa kiyi adzangoti tcha tcha. Apa mpamene kawailesi ka m'thumba kamagwira ntchito yake. Galimoto muiimike pamalo okwera, kutali ndi gombe, popeza madzi a mvula yogwa kumapiri amafika patapita maola kumwamba kutayera kale. Madzi othamanga ofika masentimita 15 amagwetsa munthu wamkulu, ofika masentimita 30 amanyamula galimoto yaing'ono, ndipo pansi pa madzi amatope simungaone ngati msewu ukadalipo.

Ndife,
Okonza mawailesi ndi mafoni,
Limbe.