Lipoti la nthumwi yathu pa msonkhano wokonzekera ulendo wa ku Assisi

Wapampando, a komiti, amayi ndi abambo nonse, ndabwerako ku Assisi komwe munandituma kuti ndikakumane ndi nthumwi za magulu ena a Akatolika okhala kuno ku Britain, amene tikufuna kuyenda nawo ulendo wa mapemphero. Malisiti onse ndapereka kale kwa msungichuma.

Nkhani yomwe inatidyera nthawi pamsonkhanowo ndi ya kogona. Nthumwi zambiri zimafuna kuti tizigona ku Rome, ku Assisi tingopita m'mawa n'kubwerako madzulo, poti sitima imangotenga maola awiri kapena kuposerapo pang'ono. Ine ndinakana m'malo mwanu, ndipo ndikupempha kuti mumve zifukwa zanga musanavote.

Assisi ndi tauni yomangidwa m'mbali mwa phiri la Subasio, m'chigawo cha Umbria, pakatikati pa dziko la Italy. Pamapu malo onse amaoneka oyandikana, koma mapu sasonyeza chitunda. Sitima imakutsitsani kuchigwa, pa Santa Maria degli Angeli, tauniyo mukuionera m'mwamba, nyumba zake za miyala yoyera ndi yofiirirako yomwe amakumba m'phiri lomwelo. Amene munakwerapo msewu wa Golodi kuchoka pa Chitimba kupita ku Livingstonia mukudziwa kuti chooneka pafupi ndi maso chimatalika ndi miyendo. Basi yokwera kumtunda ilipo pa siteshoni, koma ikakutsitsani, kotsalako n'kwapansi basi, m'tinjira ta miyala ndi masitepe osatha.

Ndikuona kuti tiyambire kuchigwa komweko. M'kati mwa tchalitchi chachikulu cha Santa Maria degli Angeli, chomwe anayamba kumanga mu 1569, muli katchalitchi kena kakang'ono kotchedwa Porziuncola. Kameneka Francis Woyera anakakonza ndi manja ake katagumuka, ndipo iye ndi abale ake oyamba ankakhala m'tizisakasa pafupi nako. Anthu ochepa chabe akagwadamo, kadzadza. Chapambali pake ndi pomwe anamwalirira madzulo a pa 3 Okutobala 1226. Munthu akayamba waona kuchepa kwa malo amenewa, zikuluzikulu za kumtunda zija amaziona ndi maso ena.

Kumtundako, kumapeto kwa tauni, ndiko kuli tchalitchi cha Francis Woyera. Papa Gregory IX anamulengeza kuti ndi woyera mu 1228, pasanathe zaka ziwiri chimwalirireni, ndipo chaka chomwecho anaika mwala wa maziko. Papa Innocent IV ndiye anachidalitsa mu 1253. Kunena zoona ndi matchalitchi awiri osanjikizana. Cham'munsi n'chamdima, denga lake lili pafupi, ndipo pansi pake ndi pomwe pali manda, omwe anabisika kwa zaka mazanamazana mpaka anawapeza mu 1818. Chapamwamba n'chowala, ndipo m'makoma mwake muli zithunzi 28 za moyo wa Francis, zomwe ambiri amati anajambula ndi Giotto. Pa 26 Sepitembala 1997 chivomezi chinagwetsa mbali ina ya denga la chapamwambacho n'kupha anthu anayi, awiri mwa iwo a chipani cha Francis. Akatswiri anatolera tizidutswa ta zithunzi zogwazo n'kumatilumikiza kamodzikamodzi, ndipo mukayang'ana kudenga chapakhomo muona mabala pomwe tizidutswa tina sitinapezeke.

Kulowa n'kwaulere, koma malamulo ndi okhwima: mapewa ndi mawondo zibisike, kujambula ayi, phokoso ayi. Alonda sachita manyazi kukhalitsa anthu chete. A kwaya, izi ndi zanu: kuyimba n'kololedwa pa Misa yomwe tapempheratu nthawi yake, osati poyenda m'kati.

Apa ndi pomwe pagona mkangano wanga ndi anzathu aja. Mabasi a alendo a tsiku limodzi amafika dzuwa litakwera, ndipo masana munthu umayenda mokankhana, kumanda kuja ungodutsa pamzere osapeza pogwada. Chakumadzulo amachoka onse. M'mamawa zitseko zikangotsegulidwa mumakhala anthu owerengeka, mpando uli mbwee. Wogona ku Rome nthawi imeneyi sangaipeze ngakhale atalawira bwanji.

Za pakati pa tauni ndingodutsamo mwachidule. Pa bwalo la Piazza del Comune pali kachisi wa Aroma wa Minerva, womangidwa Yesu asanabadwe, zipilala zake zisanu ndi chimodzi zikadali chiimire, ndipo tsopano ndi tchalitchi. Ku San Rufino kuli chitsime cha ubatizo chomwe anabatiziramo Francis ndi Clare. M'tchalitchi cha Santa Chiara muli thupi la Clare Woyera, mayi wa asisitere a Poor Clares onga aja tili nawo ku Lilongwe, komanso mtanda weniweni womwe Francis ankapemphera patsogolo pake pamene anamva mawu omutuma kukonza nyumba ya Ambuye. Achinyamata athu asaphonye ku Santa Maria Maggiore, komwe kuli manda a Carlo Acutis, mnyamata wokonda kompyuta yemwe anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15.

Pamwamba pa tauni yonse pali linga la Rocca Maggiore. Nthumwi zina zimati tilichotse pa pulogalamu poti si malo opempherera, ndiponso polowa amalipiritsa. Ine ndikuti likhalepo. Mu 1198 anthu a ku Assisi anaukira olamulira omwe ankakhala m'lingali n'kuligumula, Francis ali mnyamata wa zaka pafupifupi 16. Patapita zaka zinayi iye mwini anapita kunkhondo yolimbana ndi mzinda wa Perugia, nagwidwa, n'kukhala m'ndende pafupifupi chaka. Linga lomwe lilipo lero analimanganso m'zaka za m'ma 1300 molamulidwa ndi Kadinala Albornoz. Mukaima pamwamba pa nsanja yake, chigwa chonse chili pansi panu, ndipo kukayera bwino Perugia imaoneka poteropo. Pamenepo ndi pomwe ana athu angamvetse kuti munthu wamtendere uja anakulira pakati pa mizinda yoyandikana yokhalira kuphana. M'kati mwa khoma muli kanjira kopapatiza, kamdima, kopita ku nsanja yakumapeto. Oopa malo opanikiza adikire panja, koma ana akakondwa nako.

Malo omwe anandikhudza koposa ndi Eremo delle Carceri, makilomita pafupifupi anayi kuchoka m'tauni, m'nkhalango ya phiri la Subasio. Kumeneku Francis ndi anzake ankapita kukabindikira m'mapanga. Polowa kuphanga lake pamafunika kuwerama, kakhomo kake n'kakafupi, masitepe ake opapatiza moti chikwama chakumsana chimakhula khoma. M'katimo muli mwala womwe ankagonapo, wopanda chilichonse. Kunja kuli mitengo ikuluikulu yakalekale ndi tinjira tolowa m'thengo, ndipo ngakhale alendo achuluke, amangonong'ona okha popanda wowauza. Njira yapansi imayambira pachipata cha Porta Cappuccini, ndipo ndi chikweza chokhachokha, chamiyala yoterereka. Wamphamvu angayende ola limodzi ndi kanthu. Agogo athu ndi onse a vuto la mawondo kapena BP akwere takisi, asadzikakamize. Ofuna kupitirira angafike pamwamba penipeni pa phirilo, mamita 1,290, pomwe mitengo imatha n'kutsala udzu wokhawokha, mahatchi akudya momasuka. Kumazizira ndi mphepo ngakhale kumunsi kukutentha, choncho juzi isatsale.

Katchalitchi ka San Damiano kali mbali inayo, kumunsi kwa tauni, njira yake yodutsa m'minda ya maolivi. Clare anakhala kumeneku zaka pafupifupi 40 mpaka imfa yake mu 1253, ndipo chipinda chomwe asisitere ankagona chikadalipo, pakona pomwe anamwalirira amaikapo maluwa. Popita n'kotsetsereka, vuto ndi pobwerera. Masana amatseka kwa kanthawi, ndiye tipite m'mawa kapena chakumadzulo.

Tsopano werengani nokha: Porziuncola kuchigwa, tchalitchi chachikulu kumapeto kwa tauni, linga pamwamba, Carceri kuphiri, San Damiano kumunsi. Gulu lokhala ndi agogo ndi makanda silingathe zonsezi tsiku limodzi. Titakambirana, msonkhano unagwirizana kuti gulu lililonse lisankhe lokha, ndipo ofuna kugona ku Assisi asungitse malo pamodzi m'nyumba za alendo zoyendetsedwa ndi asisitere, zomwe zimatsikirako mtengo poyerekeza ndi mahotela. Ine ndikupempha kuti tigoneko usiku uwiri. Mitengo yeniyeni atitumizira mlembi wa msonkhanowo, ndipo ndidzaiika pa gulu lathu la WhatsApp ikangofika.

Pa za nthawi, tinagwirizana kupewa masiku a 3 ndi 4 Okutobala, pa chikondwerero cha Francis Woyera, komanso 1 ndi 2 Ogasiti pomwe anthu amakhamukira ku Porziuncola. Malo ogona amatha msanga, ndipo Ogasiti kumatentha kwambiri. Za chakudya, nsima kulibe, tikadya pasta ndi buledi. M'malesitilanti ambiri amawonjezera kandalama ka pa munthu aliyense wokhala patebulo, musakadabwe nako pa bilu.

Chomwe sichingadikire ndi ziphaso. Amene tili ndi pasipoti ya Malawi tikufunika visa ya Schengen yolowera ku Italy ngakhale tili ndi chilolezo chokhalira kuno ku Britain, ndipo kupeza tsiku lokaonekera ku ofesi ya visa kumatenga nthawi. Pamsonkhano wathu ukubwerawu aliyense abwere ataona tsiku lomwe pasipoti yake ikutha, ndipo alembetse kwa mlembi ngati ku Carceri adzapite wapansi kapena pa takisi, kuti tidziwe magalimoto oti tisungitse.