Za ngongole ya galimoto ija

Mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza kuti watenga ndalama za katapila ku Johannesburg kuti ugule galimoto. Usamukalipire, ndinachita kumuumiriza ndine. Chimvereni nkhaniyi sindikugona tulo.

Kodi 2008 waiwala? Unali wamkulu kale, unkaona ndi maso ako. Bambo ako ankalawirira kusanache kukaima pamzere kubanki m'tauni mu Harare, n'kubwera madzulo ndi ndalama zongokwanira basi. Penshoni ya zaka zonse zija kufakitale inasungunuka ngati mchere m'madzi. Mu Ogasiti boma linachotsa maziro 10 pa ndalama, koma pofika Januwale 2009 linatulutsa pepala la 100 thiriliyoni. M'masitolo munali mashelefu okhaokha. Ufa ndi mafuta ophikira tinkagula kwa amayi okaoda ku Musina, tauni ya pamalire ku South Africa, ndipo iwo ankafuna marandi basi. Tinkadya kamodzi, madzulo. Iwe unkanama kuti wakhuta n'cholinga choti mng'ono wako adye, ine ndinkaona. Mtima umenewo ndi umene ndimakunyadira nawo.

Koma tamvera. Ndalama za Zimbabwe zinafa, ngongole za marandi sizinafe nazo. Aneba athu aja a ku Budiriro anakongola marandi kwa osintha ndalama a pa siteshoni ya mabasi ya Roadport nthawi ya kolera, mwana atadwala. Iwo ndiye sindiwanena, unali moyo wa mwana. Komabe unaona bedi ndi sitovu zikutuluka pakhomo masanasana. Nanga iwe ukudwala chiyani? Galimoto ndi matenda?

Ifenso anthu amenewo anabwera, akufuna makina anga osokera akhale chikole. Bambo ako anakana, njala ili m'nyumba. Makina omwewo ndi amene anatidyetsa, ndinkasoka zigamba anthu n'kundilipira chimanga cha m'mbale.

Ntchito yako ndi ya kwa eni, mwana wanga. Ikatha mawa, wakatapila sadzamva zoti bwana wakuchotsa. Adzatenga galimotoyo, chiwongoladzanja n'kutsalabe pakhosi pako, ndipo uli ndi mkazi woyembekezera. Ngati sunaigule, bweza ndalamazo sabata ino. Ngati wagula kale, gulitsa, manyazi ndi a masiku ochepa. Miyezi iwiri ino usanditumizire kanthu, ndiwo za kudimba zikuyenda.

Undiuze wekha kuti unatenga zingati ndipo akufuna ubweze zingati. Usachepetse, ndidzafunsanso mlongo wako. Umupatse moni mpongozi wanga, asamanyamule zolemera.

Ndine mayi ako.