Mwatidyera ndalama, mwalandanso mbale m'manja mwa mwana wanga

Inu a loji ya m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, panjira yopita ku Monkey Bay. Ndakuimbirani foni kanayi, osayankha. Ndalemba pa WhatsApp, mwawerenga n'kukhala chete. Ndalemba pa tsamba lanu la Facebook, mwafufuta pasanathe ola. Tsopano ndalemba pa tsamba langa pomwe dzanja lanu silingafike. Dzina lanu ndalisunga kaye, mukudzidziwa nokha.

Azimayi anzanga amene mukusonkha ndalama zoti ana akaone nyanja pa holide, werengani mpaka pansi musanatumizire munthu ndalama ya chakudya chomwe simunachione.

Ife tinalipo anthu 6: ine, bambo akunyumba, apongozi anga, ndi ana atatu, wa zaka 13, wa zaka 8 ndi wa zaka 4. Ndalama yake ndinaipeza pa chipereganyu cha kuntchito, ndinadikira miyezi yambiri kuti ifike nthawi yanga yolandira. Zipinda ziwiri masiku atatu zinali K1,080,000, ndipo pa zipindazo ndilibe nanu mlandu. Mlandu uli pa K975,000 ya chakudya, chija mumachitcha full board. Ndinalipiriratu cha mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, tsiku lenileni lili pa risiti ya kubanki yomwe ndili nayo. Ndinalipiriratu chifukwa cha mantha. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chinthu sukhala malo amodzi, ndiye ndinati bola nditseke nkhani ya chakudya mitengo isanakwerenso. Mtsikana wanu pa foni anandiuza mokoma kuti, "Mayi, mukalipiriratu simudzapisanso m'thumba, kwanu kudzangokhala kudya ndi kusambira." Mawu amenewo ndi amene ananditulutsitsa ndalama.

Mitengo yanu munandiwerengera motere: wamkulu K65,000 pa tsiku, kutanthauza kadzutsa K15,000, nkhomaliro K22,000, mgonero K28,000. Ana theka. Chithunzi chanu chotsatsa malonda chinangoti "ana theka", msinkhu osatchula. Invoice itabwera ndinapeza kuti mwana wanga wa zaka 13, amene ali Sitandade 8, mwamuwerengera ngati bambo wandevu. Ndinameza malovu n'kulipira, poti ana anali atauza kale anzawo onse kuti akupita kunyanja.

Tsiku la ulendo tinanyamuka ku Area 25 m'mamawa. Tinadutsa bwino pa toll gate ya Kalinyeke, koma titakhota pa Masasa kutsika Khwekhwerere tinakumana ndi mvula ndi chifunga, ndipo aliyense amene anatsikapo phiri limenelo akudziwa kuti m'makona amenewo suthamanga uli ndi ana m'galimoto. Kufika pa Golomoti, teyala linaphwa. Ndinakuimbirani tili pomwepo kuti tichedwa, mutisungireko nkhomaliro. Anayankhawo anati palibe vuto. Tinafika 3 koloko itangopitirira pang'ono, ndipo ku resepishoni anatiuza kuti nkhomaliro imatsekedwa 2:30, kukhitchini atsuka kale mapoto. Nanga amene anati palibe vuto uja anali wa loji iti? Nkhomaliro ya anthu 6, K110,000, inapita choncho tisanakhale n'komwe pampando. Ana anakhalira chimanga chootcha chomwe tinagula panjira mpaka 7 koloko usiku.

Madzulo ake ndi pomwe ndinayamba kuona m'mene mumachitira. Pa chithunzi chanu pali chambo chodzadza mbale, mchira kutulukira kunja, ndimu pambali. Pa buffet panali nkhuku, nyemba, kabichi, mpunga, nsima ndi usipa. Nditafunsa za chambo, anati chambo sichili mu full board, ndiwonjezere K18,000 pa mbale. Chifukwa chake akuti nyanja ndi yotseka. Ndikudziwa kuti chakumapeto kwa chaka boma limaletsa makoka kuti chambo chiswane, ndipo n'zoyenera, chifukwa chambo chachepa kwambiri poyerekeza ndi kale. Komanso ndikudziwa kuti komweko ku Mangochi kuli chambo choweta. Funso langa ndi lakuti, ngati nyanja inali yotseka kwa amene tinalipiriratu, inatseguka bwanji kwa amene anatulutsa K18,000? Inu mumadziwa kale za nyengo yotsekayo pomwe munkalandira ndalama yanga, osanena kanthu. Apongozi anga anabadwira ku Kasungu, ali ndi zaka zoposa 70, ndipo chomwe ankanena njira yonse chinali chambo cha ku Mangochi. Ndikanawauza chiyani? Tinagula mbale zitatu zogawana, K54,000.

Zakumwa nazonso ayi. Madzi a m'botolo ayi, Fanta wa mwana ayi, ngakhale tiyi wa 4 koloko ayi. Bilu ya zakumwa inafika K83,500. Imeneyo sindikuitanitsa, tinamwa tokha, koma anthu adziwe kuti "simudzapisanso m'thumba" amatanthauza zimenezi.

Mawa lake tinapita ku Cape Maclear kuti ana akakwere boti, akaone tinsomba totchedwa mbuna pa chilumba cha Thumbi ndi nkhwazi zikutola nsomba pamadzi. Munthu sungabwere ndi ana kuchokera ku Lilongwe n'kulephera kuwaonetsa Lake Malawi National Park, malo omwe UNESCO inawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984, chifukwa choti ukudikira belu la nkhomaliro pa loji. Ndinapempha pa kadzutsa kuti mutimangire kamba, ngakhale buledi ndi mazira owiritsa. Anati kamba amaitanitsa kutatsala tsiku lathunthu. Lamulo limeneli silili pa invoice, silili pa chithunzi, palibe anatiuza pofika. K110,000 ina inapita. Ku Chembe tinadya pa kamalo kena ka mayi wina m'mphepete mwa mchenga, nsima ndi kampango wowotcha pamakala, chisoso chotendera, tonse 6 K47,000, ndipo ana anakhuta mpaka kusiya mkute. Werengani nokha, abale: K47,000 kwa mayi wa pamudzi, K110,000 kwa a loji pa chakudya chomwe sitinachione n'komwe.

Zonsezi ndikanazikhululuka. Ndalama imabwera, imapita. Chandilembetsa ndi chomwe chinachitika usiku umenewo.

Apongozi anga ali ndi matenda a shuga. Akamwa mankhwala amayenera kudya nthawi yomweyo, apo ayi amanjenjemera, thukuta kuti kamukamu. Tsiku limenelo dzuwa la m'boti linawafooketsa, miyendo inatupa, ndipo sakanatha kuyenda kuchoka kuchipinda kufika kodyera. Ndinawapakulira ndekha: nsima mtanda umodzi, nyemba, masamba, kantchafu ka nkhuku. Chakudya chawo, cholipiridwa kale, K28,000, kalamba kanu ka pamkono kosonyeza kuti analipira kali m'manja mwangamu. Ndinavindikira ndi mbale ina n'kupatsa mwana wanga wamkazi wa zaka 8 kuti akapereke kwa agogo ake, ine ndikudyetsa wamng'onoyo. Mwanayo ananyamula ndi manja awiri monga timaphunzitsira kunyumba, akuyenda pang'onopang'ono kuti msuzi usatayike, maso ali pa mbale.

Pakhomo panaima kapitawo wanu, wamtali, wovala shati yoyera ndi tayi wakuda. Sanafunse kuti mwanawe ukupita kuti. Sanayang'ane kuti kholo lake lili pati. Anangotsomphola mbaleyo m'manja mwa mwana, msuzi wa nyemba n'kukhavukira pa diresi yake yachikasu yomwe tinamugulira chifukwa cha ulendo womwewu. Kenaka anatembenukira kwa ine, mokweza, anthu onse akumva, kuphatikizapo azungu omwe anali patebulo la pafupi: "Amayi, kuno si ku ukwati koti muzinyamula zakudya m'majumbo."

Ndinaimirira n'kunena kuti, "Achimwene, chakudyacho ndi cha agogo odwala, analipira, kalamba kawo aka." Sanakayang'ane n'komwe. Anati malamulo ndi malamulo, chakudya cha buffet sichituluka, ngati tikufuna chipite kuchipinda tilipire K12,000 ya tereyi. Mbale ija anaipereka kwa mnyamata wochotsa mbale, ine ndikuona, ndipo inakathera mu bini. Kutaya chakudya kunali kololedwa, koma kupatsa nkhalamba yodwala yomwe inachilipira kunali kuphwanya lamulo?

Mwana wanga sanalire pomwepo. Anaima chilili, manja adakali m'malere ngati mbale ilipobe, kenaka anabwera kudzabisala kumbuyo kwanga n'kundinong'oneza kuti, "Amama, ndaba?" Inu a loji, mwana wa zaka 8 anandifunsa ngati waba. Mawu amenewo andikhala pamtima mpaka lero, ndipo ndikamalemba pano manja akunjenjemera.

Tinalipira K12,000 yanuyo chifukwa tinalibe kuchitira mwina. Tereyi inafika patapita nthawi yoposa ola, mpunga wozizira m'malo mwa nsima yomwe tinapempha. Pomwepo n'kuti bambo akunyumba atathamanga kale kugalimoto kukatenga mabisiketi ndi Sobo wa ana kuti amayi awo asakomoke. Mawa lake mwanayo anakana kulowa kodyera. Kadzutsa, nkhomaliro, mgonero, ankangoti sali ndi njala, akaona shati yoyera n'kundigwira chitenje. Makolo athu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ife tinali a masiku atatu okha, munalephera kutisunga ndi ulemu masiku atatu?

Ndinafuna kuonana ndi manijala. Tsiku loyamba akuti ali ku Blantyre. Tsiku lonyamuka akuti ali mu miting'i. Anandipatsa kapepala kuti ndilembe dandaulo, ndinalemba masamba awiri, n'kusiya nambala yanga. Papita milungu ingapo tsopano, foni yanu sinalirepo kwa ine.

Ena mwandifunsa ku inbox ngati full board ili yothandiza pa banja. Ndikuuzani zomwe ndaona ndi maso anga. Mwana wa zaka 4 tinamulipirira K97,500 masiku atatu, ndipo zomwe anadya zonse ndi phala, tchipisi pang'ono ndi nthochi ziwiri. Mwana wamng'ono sadya pa belu, amadya njala ikamupweteka, ndipo nthawi imeneyo kukhitchini kumakhala kotseka. Ukalipiriratu umamangika pamalo amodzi: ukatuluka kukaona malo waluza nkhomaliro, ukakhala kudikira nkhomaliro waluza ulendo. Ndipo choopsa kwambiri, ndalama ikalowa m'thumba mwawo mawu ako amatha mphamvu. Pa tebulo loyandikana nafe panali banja lomwe linkalipira mbale ndi mbale. Amenewo operekera zakudya ankawathamangira, kuwafunsa ngati nsomba yapsa bwino, chifukwa akanatha kudzuka n'kukadya kwina. Ife a tizingwe ta pamkono tinali kale m'khola. Mwina kwa akuluakulu okhaokha amene akupita kukagona pamchenga osatuluka pageti, zingawayendere. Kwa banja la ana aang'ono ndi nkhalamba, ine ndikuti lipirani chipinda ndi kadzutsa basi, ndalama yotsalayo igone m'thumba mwanu. Mukaumirira full board, auzeni alembe pa pepala: mwana amathera zaka zingati, chambo chilimo kapena ayi, zakumwa bwanji, mukachedwa amatani, munthu akadwala chakudya chimafika bwanji kuchipinda. Zapafoni musamvere.

Tsopano kwa inu eni loji. Ndikufuna K286,000 yanga. Nkhomaliro ziwiri zomwe sitinadye, K220,000. Chambo chomwe munachiika pa chithunzi n'kutigulitsanso kachiwiri, K54,000. Tereyi, K12,000. Musandiuze za kuchotsera mtengo ulendo wina, phazi langa silidzapondanso pamenepo. Ndalamayo ibwerere mu akaunti yomwe inachokera, mukuidziwa.

Ndikupatsani mpaka Lachisanu likudzali, 12 koloko masana. Likadutsa, ndiika pano dzina la loji yanu, invoice, risiti ya kubanki, chithunzi chanu cha chambo chija, ndi chithunzi cha diresi ya mwana wanga yomwe sindinaichape dala. Kalata yopita ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loona kuti malonda azichitika mwachilungamo, ndalemba kale, ofesi yawo ili konkuno ku Lilongwe, sindifunika ngakhale thiransipoti yambiri. Ina ipita ku CAMA, bungwe lomenyera ufulu wa anthu ogula, ina ku dipatimenti yoona za zokopa alendo. Amayi a kumpingo kwathu amafuna kubwera kwanuko chaka chamawa, anthu oposa 30, ndipo ndine ndinawapatsa nambala yanu. Lamulungu lino ndikaimirira pamaso pawo ndi kuwafotokozera zonsezi.

Amene munali kodyerako usiku umenewo ndipo munaona, makamaka mayi munabwera kudzapukuta mwana wanga ndi kansalu kanu aja, chonde ndilembereni ku inbox, ndikufuna mboni. Enanu gawani uthengawu ufike kwa mwini wake wa malowo, chifukwa ndikukayika ngati madandaulo athu amadutsa pa resepishoni.

Ndipo kuposa ndalamayo, ndikufuna kapitawo wa tayi wakuda uja aimbe foni, ine ndiika pa loud, apepese kwa apongozi anga, kenaka auze mwana wanga ndi pakamwa pake kuti sanabe.