Kwa eni shopu yokonza makompyuta ku Limbe: bwezani RAM yanga ndi ndalama zanga

Bambo eni shopu, dzina lanu sinditchula koma mukudzidziwa. Ndalemba pagulu chifukwa foni yanga simukuyankhanso, ndipo pa WhatsApp mukungowerenga mauthenga anga n'kukhala duu.

Masabata atatu apitawa ndinabweretsa laputopu yanga kwa inu. Ndi ya HP, ndinagula yogwirapo kale ntchito, ndipo yanditumikira zaka zinayi. Vuto lake linali kuchedwa basi. Ndikaiyatsa m'mawa ndimatha kutereka madzi a tiyi, kuwira, kuthira m'fulasiki, iyo ikadali kuzunguza kagudumu kaja. Ndikati nditsegule Excel, pamwamba pamalemba kuti Not Responding, sikirini n'kuyera mbuu, kamuvi osasuntha. Kunsi kwake kumatentha moti pamiyendo simukanaiyika.

Mnyamata wanu uja anaiyang'ana n'kunena kuti hadi disiki yosungamo mafayilo yatopa, aikamo ina yamakono yothamanga yotchedwa SSD ya 256GB, aipukuta fumbi, ndipo ndidzaiona ikuthamanga. Za mafayilo anga ndinafunsa kawiri, inu muli pomwepo pakauntala. Ndine mlembi wa banki m'khonde ya amayi 22 kwathu ku Bangwe, ndipo masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja cha aliyense kuyambira Januwale ndimalemba mu Excel. Munalinso mapepala akale a mayeso a MSCE amene mwana wanga amawerengera, ndi zithunzi za malemu mayi anga. Munandiyankha nokha kuti, "Musadandaule mayi, zonse tisamutsa, ndipo disiki yakaleyo tikupatsani m'manja." Ndinalipira K95,000 kudzera pa foni. Uthenga wa ndalamazo ndili nawo, lisiti lanu lolemba pamanja ndili nalonso, ndipo lalembedwa SSD.

Munati masiku awiri, anakwana asanu ndi anayi. Ndinakwera minibasi katatu kungobwerera pakhomo panu. Tsiku lotenga munali piringupiringu ndi makasitomala, mnyamata uja anangondipatsira laputopu m'chikwama n'kunena kuti disiki yakale ndidzatenge tsiku lina.

Kufika kunyumba, kuyatsa, kagudumu komwe kaja. Kuchedwa kwake kuposa kale. Kutsegula Documents, muli mbee, ngakhale fayilo imodzi mulibe. Pakona yapansi kudzanja lamanja pabwera mawu oti Activate Windows, amene ndisanabwere kwa inu panalibe.

Ine za m'kati mwa kompyuta sindinaphunzire, ndipo ndikhulupirira munadalira zomwezo. Koma mwana wa achimwene anga akuphunzira za makompyuta ku koleji, ndipo Loweruka anabwera. Anadina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, panatseguka Task Manager, n'kulowa pa Performance. Anandiitana kuti, "Azakhali, tabwerani muwerenge nokha." Pa Disk 0 palembedwa HDD, osati SSD, ndipo ikugwira ntchito 100% palibe chimene tatsegula. Titatchera khutu imamveka kuti tcheketcheke m'kati, kulira kwa disiki yanga yakale yomwe ija. Anandifotokozera kuti hadi disiki ili ndi mbale yozungulira, zambiri za m'malaputopu ka 5,400 pa mphindi, ndi kasingano kowerenga, pomwe SSD ilibe chilichonse choyenda ndipo silira. Ndiye kuti chimene munachita ndi kufomata disiki yanga, kufufuta zonse, n'kundilipiritsa chipangizo chimene simunaikemo. N'chifukwa chake disiki yakale simunandipatse: ili momwemo.

Chinandiwawa kwambiri chinali pa Memory. Laputopu yanga inali ndi RAM ya 8GB, timatabwa tiwiri ta 4GB. Chithunzi cha sikirini chosonyeza 8GB ndili nacho pa foni, anandijambulira wondigulitsa tsiku logula. Lero palembedwa 4GB, ndipo m'malo awiri oikamo RAM mwadzaza amodzi okha. Mwanayo anatembenuza laputopu, anapeza masikuluwu awiri palibe. Atatsegula, malo amodzi a RAM ali pululu. Fani ndiye inali itamatidwa ndi fumbi lolukana ngati ubweya wa bulangete, mphepo yosowa podutsa, ndipo mankhwala aja amapaka pa purosesa kuti isatenthe anali atauma gwa ngati dothi la m'chilimwe. Kupukuta munalemba pa lisiti kuja kunachitikira pati?

RAM ili ngati tebulo logwirirapo ntchito. Likachepa, kompyuta imayamba kutula katundu pa disiki n'kumakamutenganso, ndipo disikiyo ikakhala yoyenda pang'onopang'ono ngati yangayi, zonse zimaima. Inu izi mumazidziwa kuposa ine. Munthu wabwera kudzadandaula kuchedwa, inu n'kumuchotsera theka la tebulo lake! Pamwamba pa zimenezo munaikamo ma antivirus awiri amene amadzuka okha kompyuta ikayaka n'kumalimbirana disiki yomweyo, chonsecho Windows ili kale ndi Defender yake. Munaikamonso Windows 10 yopanda laisensi osandiuza kuti a Microsoft anasiya kuithandiza pa 14 Okutobala 2025, ine n'kumasungamo nkhani za ndalama za anthu.

Nditabwerera kwa inu Lolemba munandiuza kuti ndi kuzimazima kwa magetsi kwaononga. Bambo, kuzima kwa magetsi sikumasula masikuluwu, sikuzula RAM, ndipo sikusandutsa SSD kukhala hadi disiki. Nditakuonetsani chithunzi cha 8GB chija munati mufunse mnyamata wanu, wapita kumaliro. Kuyambira tsiku limenelo foni simuyankha.

Ena anena kuti bwanji sindinasunge mafayilo pa fulashi. N'zoona, fulashi yanga inali ndi zolemba zolekeza mu Epulo, ndipo n'chifukwa chake ndinafunsa kawiri ndisanasiye laputopu. Tsopano ndikugona pakati pa usiku, kutolera manambala m'timabuku ta mamembala ndi m'mauthenga a pa foni, mmodzimmodzi. Tikugawana ndalama mu Disembala. Mayi wogulitsa tomato pamsika amene wakhala akuponya K2,000 sabata iliyonse sangamve zoti wokonza kompyuta anafufuta. Iye aona kuti mlembi wadya ndalama. Pamsonkhano wa Lachitatu ndinaona kale mmene ena amandiyang'anira pamene ndimafotokoza, ndipo awa ndi amayi amene ndimapemphera nawo mpingo umodzi.

Laputopuyo ndaizimitsa, ili m'kabati. Andiuza kuti mafayilo ofufutidwa pa hadi disiki nthawi zina amatheka kubwezeretsa ngati pamalo pake sipanalembedwe zina, ndipo kuigwiritsa ntchito kulikonse kumachepetsa mwayi umenewo. Windows imene munaikamo inalemba kale pamwamba pa ena mwa iwo. Choncho mwana wanga akuwerengera pa foni, kompyuta ili m'nyumba.

Ndikufuna RAM yanga ya 4GB ibwerere m'malo mwake ine ndikuona. K95,000 yanga mubweze yonse, chifukwa SSD yanuyo sindikuifunanso, ndikagula kwina. Ndalama yolipira munthu woyesa kubwezeretsa mafayilo ituluke m'thumba mwanu, ndipo munthuyo ndisankha ndine. Ngati ndi mnyamata wanu anachita izi inu osadziwa, nenani choncho, koma lisiti lili ndi chidindo cha shopu yanu ndipo ndalama inalowa pa nambala yanu.

Mukapitiriza kukhala chete, lisiti, uthenga wa ndalama ndi zithunzi zonse ndikasiya ku Competition and Fair Trading Commission ndi ku Consumers Association of Malawi, mabungwe oteteza ogula, ndipo za RAM ija ndikanena kupolisi. Lachisanu 10 koloko m'mawa ndifika pa shopu panu ndi laputopu, ndi mwana wa achimwene anga, ndi amayi awiri a m'komiti ya banki yathu.